Tsaya Lina Lodzola, Lina Lotuwa

Kwathu ku Kapondo mkazi satuluka m'nyumba ali wotuwa. Kaya ulibe nsapato, kaya chitenje chako n'chakale, koma nkhope ndi miyendo zizioneka kuti zadzoledwa. Ukatuluka uli mbuu, anthu sanena iwe wekha ayi, amanenanso amuna ako kuti akulephera ngakhale kabotolo ka mafuta. Ine ndinakula nazo zimenezi, ndipo nditakwatiwa n'kusamukira ku Boma ndinabwera nazo osasiyako n'chimodzi chomwe.

Nditabereka mwana wachiwiri, mutu unayamba kundipweteka pafupipafupi, mapazi n'kumatupa. Ku sikelo anesi anandiyeza bipi maulendo atatu, maulendo onsewo ili yokwera. Anandiuza kuti ndichepetse mchere komanso ndizichita masewera olimbitsa thupi. Ndinawayankha kuti ine ndimatunga madzi, ndimachapa, ndimasesa, nanga si masewera amenewo? Anaseka n'kunena kuti mtima wanga unazizolowera kale zimenezo, ukufuna china choti uzidabwa nacho. Ndi iwowo anandilozera jimu ya kuseri kwa msika, komwe amayi amakumana 5 koloko m'mawa.

Abambo akunyumba amayendetsa njinga yamoto, kunyamula anthu pakati pa Boma ndi boda. Anavomera kuti azitsala ndi ana mpaka 6 koloko, ine ndikabwera iwo azinyamuka.

Jimuyo ndi chinyumba chomwe kale ankasungiramo soya ndi mtedza. Simenti yapansi inasweka malo ambiri, ndiye tikayamba kudumpha fumbi limadzuka n'kumavina nafe limodzi. Pakona pali zitini za penti zodzaza simenti zomwe amuna amanyamula madzulo. Ife amayi tinali ndi sipika imodzi ndi akochi athu, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankati kale ankasewera mpira wamanja. Tsiku loyamba ndinkangosochera, anzanga akapita kumanja ine kumanzere, koma ndinabwerako ndikumva thupi kupepuka.

Ndondomeko yanga inali yotere. Ndinkadzuka 4 koloko, kutenthetsa madzi, kusamba, kenako kudzola. Unali mwezi wa Juni, mphepo yake ija yong'amba milomo, ndiye sindinkadzola mwaulemu ayi. Ndinkatapa mafuta olimba aja timadzoza ana, kuthirako gilisalini pachikhatho, n'kupaka mpaka nkhope kuwala. Ndinkapita pagulu la anthu, nanga ndikanapita bwanji?

Tikadumpha mphindi khumi, thukuta linkayamba. Mafuta aja ankasungunuka n'kutsikira m'maso, maso n'kumathethetsa ngati ndagwira tsabola. Fumbi lonse la m'chinyumbamo linkabwera kudzakhala pankhope yanga. Pobwerera kunyumba nthawi yosambanso panalibe: wamng'ono akulira bere, wamkulu akufuna phala, mzere wa kumjigo ukutalika. Ndinkangopukuta ndi nsonga ya chitenje, ndipo chifukwa kupukutako kunkandisiya wotuwa, ndinkaonjezeranso mafuta pamwamba. Kusamba kwenikweni kunali kwa madzulo.

Patatha masabata atatu, mutu unali utasiya kupweteka ndipo nsapato zanga za kutchalitchi zinayambanso kulowa. Koma pachipumi, m'masaya ndi m'khosi munatuluka tiziphuphu tambirimbiri, toyabwa, tina tokhala ndi timitu toyera. Chikhalire sindinakhalepo ndi khungu lotere, ngakhale pa utsikana.

Loweruka lina kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa abambo akunyumba, amene amakaoda zitenje ku Chipata. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanakhale n'komwe pamkeka.

"Alamu, inunso mwayamba mafuta oyeretsa aja? Ndimawaona amene amadzola, amayamba chonchi. Kenako nkhope kufiira, zala n'kutsala zakuda."

"Ine? Ndiyere kuti ndipite kuti?"

"Kaya. Ku jimuko amayi amaphunzitsana zambiri."

Abambo akunyumba anali panja akupukuta njinga ndipo anamva zonse. Iwo si munthu wokalipa. Alamu atapita anangonena mwakachetechete kuti, "Amake mwana, ku jimuko mukukatengako chiyani? Kaya ndi mafuta, kaya ndi matenda opatsirana, ine sindikudziwa. Koma mwezi uno ukatha nkhopeyo ili choncho, musiye. Anthu aziti ndikukusungani bwanji?"

Panatsala masabata awiri. Kusiya sindinkafuna, chifukwa ndinkakumbukira mmene mutu uja unkandigonekera masana, ana akulira ine osatha kudzuka. Komanso, kunena zoona, nkhaniyi inandipatsa chidwi. Mafuta ndi omwewo ndadzola moyo wanga wonse. Sopo yemweyo. Thukuta ndatuluka lambiri kumunda, osatuluka kachiphuphu n'kamodzi komwe. Ndiye chasintha n'chiyani?

Ndinayamba kufunsa anzanga ku jimu, ndipo aliyense anali ndi yankho lake. Wina anati ndi magazi oipa akutuluka, ndisangalale. Wina anati n'chifukwa choti ndikuyamwitsa. Wina anati ndisiye mtedza. Ndinasiya kufunsa n'kuyamba kungoyang'ana nkhope za anthu pansi pa babu la m'chinyumbamo. Ndinaona kuti ife obwera tikuwala, ambiri tinali ndi tiziphuphu, ena pang'ono, ena kwambiri. Koma akochi ankabwera ali mbuu ngati achokera kuchigayo, khungu lawo lili see, losalala. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa.

"Akochi, pepani, kodi inu simudzola?"

"Ndimadzola, asisi, koma ndikabwerako. M'mawa ndimangosukusula ndi madzi basi. Ndidzolerenji, kuti ndizikazingika?"

"Nanga panjira anthu akakuonani?"

"Five koloko? Akundiona ndani, agalu?"

Zinamveka, koma ena aja zawonso zinkamveka pamene ankanena. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Kumudzi tikakayikira mbewu yatsopano sitikangana, timadzala mizere ingapo ya yatsopanoyo pambali pa yakale, m'munda umodzi, mvula imodzi, n'kudikira. Ndinaganiza kuti nanenso munda ndili nawo, ndipo uli ndi mbali ziwiri.

Lolemba ndinasintha zonse. Madzi ndinatungiratu madzulo, ndowa ziwiri. M'mawa sindinasambe, ndinangosukusula. Kenako ndinadzola tsaya lakumanja monga mwa masiku onse, mafuta ndi gilisalini, kulekezera pakati pa mphuno. Lakumanzere ndinalisiya lokha. Ndikabwerako ndinkasamba nthawi yomweyo mwamsangamsanga, abambo akunyumba atanyamula mwana, n'kudzola nkhope yonse pang'ono chabe.

Ndinkaganiza kuti m'chinyumba muja simuwala kwenikweni, palibe aone. Sitinathe n'komwe nyimbo yoyamba.

"Amayi, magetsi anazima muli pakati podzola?"

"Ayi, taonani bwino, nkhopeyi ili ndi boda! Uku Malawi, uku Zambia."

"Ndiye pamphunopo mumadinditsa?"

Anthu anaseka mpaka akochi anazimitsa sipika. Nditafotokoza, anaseka kwambiri kuposa poyamba, koma kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankabwera kudzandizungulira. "Tione Zambia. Tione Malawi." Ena ankabetcherana pakamwa kuti lipambane ndi liti.

Vuto linali pobwerera, kunja kutayera. Tsaya lodzola linkakhala lamatope a fumbi, losadzola lili mbuu ndi mizere ya thukuta louma. Ndinkakokera mpango kumaso n'kumayenda mothamanga. Lachinayi ndinakumana ndi mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu akupita kukagula makala. Ndinawapatsa moni nditatembenuzira nkhope kumbali, koma ndinatembenukira kolakwika, ndinawaonetsa tsaya lotuwalo. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandikokera kuseri n'kundifumbatitsa kanthu kokulunga m'pepala. Kanali kabotolo ka mafuta.

"Mwana wanga, zinthu zikavuta panyumba muzinena. Musamavutike chamumtima."

Ndikanati ndifotokoze za mizere ya mbewu pamenepo, akanaganiza kuti mutunso wayamba kusokonekera. Ndinagwada n'kuthokoza. Kunyumba ndinawauza abambo akunyumba, chifukwa zikanawapeza kudzera kwina zikanakhala zoipa kwambiri. Anayang'anitsitsa kabotoloko.

"Ndiye pano mpingo wonse ukudziwa kuti ine ndikulephera mafuta."

"Ndi munthu mmodzi yekha."

"Munthu mmodzi wa kutchalitchi kwathu ndi mpingo wonse, amake mwana."

Ndinapempha kuti andilole ndimalize masiku otsalawo. Sanavomere, sanakanenso, koma m'mawa mwake ndikudzuka sanandiletse.

Galasi lalikulu tilibe, ndinkadziyang'anira pa kagalasi ka njinga yawo. Masiku anayi oyamba sindinaone kusiyana kulikonse, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndadzichititsa manyazi pachabe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tsaya lakumanzere linasiya kuyabwa. Pofika tsiku lakhumi tiziphuphu take tinali titauma, kutsala timadontho takuda. Lakumanja nalo tiziphuphu tinachepako, mwina chifukwa chosamba msanga kuja, koma linkatulutsabe tatsopano, makamaka pafupi ndi khutu pomwe thukuta limadikha. Chinandidabwitsa n'chakuti malire ake ankaoneka bwinobwino, kutsata mphuno mpaka pachibwano.

M'mawa umenewo ndinawaimitsa abambo akunyumba atakwera kale njinga. Anandigwira chibwano, kutembenuzira uku, kutembenuzira uko, ngati akusankha tomato.

"Uku ndi tala. Uku ndi msewu wa kwanu ku Kapondo."

"Mafuta ndi amodzi, munthu ndi mmodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti uku ndimadzola ndisanatuluke thukuta."

"Ndiye mukufuna muzidutsa mumsika muli mbuu tsiku lililonse?"

Funso limenelo ndinali nditaliganizira kale. Ndinawaonetsa kachikwama komwe ndinasoka ndi chitenje chakale: muli kachigubu ka madzi, kachidutswa ka sopo, kansalu koyera ndi kabotolo komwe ndinapatsidwa kutchalitchi kaja. Popita kumakhala mdima, ndizipita nditangosukusula. Tikamaliza ndizisamba kumaso kuseri kwa chinyumbacho, kupukuta, kudzola pang'ono, n'kubwera ngati munthu. Kusamba thupi lonse ndizikasambira kunyumba.

Anayang'ana m'kachikwamamo n'kugwedeza mutu. "Pitirizani. Koma mlongo wanga akabwera mukamuonetse nokha masayawo, ine sindingathe kufotokoza."

Pano kuseri kwa jimu kumakhala mzere wa tizigubu, chifukwa amayi angapo anatengera. Ena anakana, akuti iwo sangatuluke m'nyumba osadzola ngakhale kukhale mdima wotani, Mulungu amaona. Sindiwatsutsa. Ku sikelo mwezi wotsatira anesi anayeza bipi kawiri, kenako anandifunsa ngati ndikupitabe kuja, ndipo ndinati eya.

Tsiku lina abambo akunyumba akuvula chipewa cha njinga, ndinaona tiziphuphu tandanda pachipumi pawo, ndendende pomwe chipewacho chimagwira. Iwonso amadzola kwambiri m'mawa asanachivale. Ndinawayang'anitsitsa mpaka anazindikira.

"Iyayi, amake mwana. Ine ndimanyamula anthu. Theka la nkhope ayi."

Ndinawauza kuti chipumi chokha, mbali imodzi, masiku khumi, ndipo chipewa chizibisa. Anati aganizira.