Galimoto ya Lameki Itagwada Kumbuyo

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku lija, ndipo ndiwatchula kuti wina asadzati ndawonjezera. Panali mwana wanga Lameki, atangofika kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito. Panali mlongo wake Esitere. Panali alamu anga aMaseko, achimwene a malemu mkazi wanga. Panali Kenesi, makaniko wa ku Biriwiri, munthu wa mawu ochepa. Ndiye panali ine aNgozo, amene ndikatsokomola pano a kutsidya amayankha.

Panali patatha sabata zitatu chiikireni amayi ake a Lameki. Iye maliro sanawapeze, zitupa zinamuchedwetsa m'njira.

Galimoto imene tinasonkhanira tsikulo anaitumiza ndi Lameki yemweyo chaka chapitacho, yaitali, yokwera mapiri, yokoka ndi magudumu onse anayi. Pa foni anandiuza momveka: “Ababa, iyi ndi miyendo ya amayi. Magazi akawathamanga, muziwatengera kuchipatala ku Nzama. Lamulungu muziwatengera ku Misa. Basi, isamachoke pakhomo.” Ndinavomera mokweza. Kuyendetsa ndinaphunzira kale pa thalakitala m'mafamu a ku Halale, wondiphunzitsa sindinkamufuna.

Koma kachewere atacha, mtima unayamba kuyabwa. Anzanga akuvutika ndi njinga ndi ngolo, ine chigalimoto chili pakhomo chikungodya dzuwa! Ndinazula mipando yakumbuyo, n'kumathira matumba mpaka kudenga, ena pamwamba. Anga, a anansi, a aliyense wondipatsa ulemu. Ndikalowa pa msika wa Lizulu ndinkaliza hutala kawiri, anthu n'kumati, “Afika aNgozo!” Mawu amenewo ndi amene ndinkadya.

Tsiku limene mkazi wanga anagwa pakhonde, dzuwa lili pamutu, galimoto inali ku Lizulu. Esitere anamukweza pa ngolo ya anansi. Anatsirizikira panjira, chipatala chikuoneka apo. Madzulo ake ndinabwezera mipando, ndinatsuka galimoto, ndipo ndinauza Lameki pa foni kuti inakana kulira. Esitere ndinamuopseza kuti atseke pakamwa. Bodza limeneli ndi limene ndinkalilondera tsiku lija ngati mlonda wa nkhokwe, chifukwa ndinkadziwa kuti likagwa, ulemu umene mwana wanga amandipatsa ugwa nalo.

Lameki anaitana Kenesi kuti aone chimene chinaletsa injini kulira. Kenesi anapotoza kiyi kamodzi, injini n'kulira bwinobwino. Anatsika, anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, n'kuyang'ana galimoto cham'mbali.

“Yagwada kumbuyo,” anatero.

“Yagwada chani? Ndi mmene anaipangira azungu!” ndinakalipa.

Analowetsa dzanja pakati pa tayala lakutsogolo ndi thupi la galimoto, chikhatho chonse chinalowa. Kumbuyo zinalowa zala ziwiri zokha. Kenako anatsamira kumbuyoko ndi thupi lake lonse n'kusiya. Galimoto inavina, inavinanso, osafuna kuima.

“Mashoko, zitsulo zoletsa galimoto kuvina chonchi, anatha, onani mafuta akuchucha apa. Masipuling'i nawo anafooka. Tiikweze pa jeke.”

Atagwada pansi n'kuyamba kusisita tayala, ine m'maganizo ndinaona bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi pamene iwo anabwera kuchokera kumigodi n'kugula ngolo, yoyamba m'mudzi mwathu. Anandiuza kuti ndikatute mapesi okha. Ine pofuna kuti anzanga andione, ndinakatutira anthu miyala ya maziko maulendo anayi, n'kusesa ngolo bwinobwino. Bambo sanandifunse. Anagwada, anagwira chitsulo cha magudumu chimene chinali chitapindika, kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pakhosi pa ng'ombe, pamene goli linanyula. Panali potentha, ponyowa, ntchentche zili ng'waa. “Ngolo wasesa,” anatero, “nanga khosili usesa ndi chiyani?” Sanandimenye. Sabata yonse ndinkatsuka bala lija ndi madzi amchere, ng'ombe ikunjenjemera m'manja mwanga. Ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso. Ndiye taonani, imvi zili mbuu, ndinabwereza.

Kenesi anaitana Lameki. “Tagwirani apa, achimwene. Kunjaku tayala likadali ndi mano. Lowetsani dzanja mkati.”

Lameki analowetsa, n'kulichotsa msanga. Waya wa m'tayala unamubaya chala.

Kenesi anati: “Mkati mwasalala ngati dazi, mbali zonse ziwiri. Galimoto ikalemedwa kumbuyo imakhala pansi, magudumu amatangadza, ndiye imayendera m'mphepete mwa mkati. Onaninso timphira iti toletsa zitsulo kugundana, taphwanyika. Iyi yanyamula, osati kamodzi.”

“Ndi msewu!” ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. “Msewu wa ku Nzama suudziwa iwe? Maenje okhaokha! Unabadwa liti kuti undiphunzitse galimoto?”

“Pepani madala,” anayankha osakweza mawu, “maenje sasankha tayala. Akutsogolowa bwanji ali bwino?”

AMaseko anaseka kuseka kopanda chimwemwe. “Alamu, mlongo wanga anali wowonda ngati bango. Kapena ku Misa munkapita ndi mpingo wonse?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwazime onse monga ndinkachitira pa milandu. Koma Esitere anali atayamba kulira, chitenje chili kukamwa. Lameki anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukweza kapeti. M'ming'alu monse munali dothi lofiira la kumunda, lomwe madzi anga sanafikemo.

“Tsiku limene amayi anagwa, galimoto inali kuti?” anafunsa mlongo wake, osati ine.

Ndinayankha ndine, ndipo mawu anga, amene amamveka kutsidya, sanafike ngakhale pa mtengo wa pichesi. “Ku Lizulu.”

Kenesi anatsitsa jeke mwakachetechete, anatola zitsulo zake, n'kutsanzika. AMaseko anavala chipewa, anapita osayang'ana m'mbuyo.

Sindikudziwa ngati mkazi wanga akanachira galimoto ikanakhala pakhomo. Mwina ayi. Adokotala okha ndi Mulungu ndiwo angadziwe. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti moyo wanga wonse ndinkayesa kuti wokweza mawu ndiye wolondola, ndipo anthu akakhala chete ndinkati ndapambana, pamene iwo angotopa nane. Mwana wanga wamkazi ndinamusenzetsa bodza langa pa maliro a mayi ake omwe, n'kumayembekeza kuti ayenda mowongoka.

Lameki anakhala nthawi yaitali pa chitsa, akuyamwa chala chobayidwa chija. Ndinapita kukaima pafupi naye. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake, ndinadikira kuti ayambe ndi iye kulankhula. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, chifukwa mkangano ndimautha.

Anati: “Ababa, masipuling'i ndigula, matayala ndigula, zimenezo n'zitsulo. Koma mukanandiuza zoona pa foni paja, ndikanalira kamodzi. Ndalira ulendo wonse m'basi ndikudzitukwana kuti ndinatumizira amayi galimoto yakufa. Sabata zitatu, ababa, ndimayesa kuti ndinawapha ndine.”