Thadzi la Mayi Muhiwa Linafera Ine

Alamu anga, akazi a achimwene, anadzala timasamba tonga ta anyezi m'mphepete mwa khonde la nyumba ya kampani ku esiteti ya tiyi. Tinkachita timaluwa tapepo, ndipo ankatithirira m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Ine ndinkakhala nawo pofunafuna ganyu.

Tsiku lina ndikuphika nyemba ndinapeza kuti anyezi watha. Ndinanunkhiza timasambato, fungo lake la anyezi ndithu. Ndinazula phata limodzi, koma pansi panalibe anyezi, mizu yokhayokha. Ndinati mwina limeneli silinakhwime. Ndinazula lina, kenako lina, mpaka pamzere wonse panatsala phata limodzi.

Zimene ndinachita kenako zimandichititsabe manyazi. Ndinagwada, munthu wandevu zanga, n'kupalasa dothi ndi zala kuti zioneke ngati ndi nkhuku.

"Ndi thadzi la mayi Muhiwa, alamu," ndinatero madzulo. "Ndachita kulipirikitsa ndekha."

Alamu sanakalipe, koma mawuwo anamveka kuseri kwa mpanda. M'mawa mwake mayi Muhiwa, aneba athu othyola tiyi, anabwera ndi thadzilo litasosoledwa kale.

"Pepani, amayi. Linali limodzi lomweli, koma lisatidanitse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Zikomo."

Alamu analiphika, anadula ndi sizasi masamba a phata lotsala lija n'kuwaza pamwamba.

"Amenewa sazula, alamu, amachita kumeta," anatero osandiyang'ana. Kenako anandiikira ntchafu m'mbale.

Ndinaidya yonse, n'kukukuta ndi fupa lomwe.