Mkamwini wa Mbuzi Imodzi

Mkamwini wa kuseri kwathu kuno ku Chezi ndi wowuma manja. Fodya wake wa m'mphuno amakoka atayang'ana kukhoma kuti tisamupemphe. Kuwerenga sadziwa, komatu amanyoza sukulu yaulere ya m'mudzi muno, pomwe ana amalemba pansi ndi chala. "Nzeru zopalasa nkhuku," amatero.

Chaka chatha anatsala ndi mbuzi imodzi, yosungira msonkho wa nyumba, pamene mwana wake Tabita ankalirira sukulu yolipira ya ku Mvera. Mlamu wa mkamwiniyo, mwini mbumba, anafika nkhope itamangika.

"Alamu, mwanayu ndi wathu, aphunzire pompano. Msonkho ukalephereka, amesenjala a boma adzagwira mlongo wanga, osati inu."

Poti pamudzi pa eni satsutsana nawo, mkamwiniyo anatembenukira kwa mwana wake. Anangoti, "Tabita, kawaonetse amalume ako zomwe unalemba dzulo."

Pansi pa kachere pomwe ana amalembapo, Tabita ndi amalume akewo anapeza mapazi a nkhuku okhaokha.

M'mawa mwake mbuzi inalowera ku Mvera ndi Tabita. Mkamwiniyo analowera ku boma ku Dowa, kukasenza katundu wa azungu mwezi wathunthu kuti mkazi wake asagwidwe.

Lero Tabita akabwera, sileti yake bamboyo amaipachika kudenga, komwe nkhuku sizifika, ndipo amationetsa monyadira, ataigwira chozondotsa.