Liwu Lomwe Ndinalemba Pachikhatho

Mthiko wa amayi unali wautali kuposa ine, wakuda bii ndi utsi. Ndi umenewo ankavundulira mowa mumgolo kuseri kwa nyumba yathu ku Mangochi, chaka chomwe abambo anasiya kulemba makalata kuchokera ku Joni. Ndinali mu Sitandade 6.

Tinali Akhristu pakati pa mabanja achisilamu. Sanali anthu oipa ayi, tikadwala ankabwera kudzazonda, koma ana awo sankaloledwa kuponda pakhomo pofulula mowa. Diresi langa linkanunkha chimera ngakhale ndilichape bwanji. Pokonzekera magule a chipani, pambali panga pankatsala mpata. Pa buleki ndinkadya mbatata yanga ndekha pansi pa mlambe, ndikuonerera anzanga akusewera fulaye. Kunyumba ndinkanama kuti ndasewera mpaka kutopa.

Tsiku lina m'chilimwe aphunzitsi anati aliyense atchule m'Chingerezi ntchito ya makolo ake. Ana a asodzi anayankha, a atelala anayankha. Kenako inafika nthawi yanga. Wina kumbuyo ananong'ona kuti "masese," kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Titaweruka aphunzitsiwo anandiitana, natsegula dikishonale yawo yothothoka chikuto. Anandilozera liwu lakuti *brewster*. Anati kalekale ku Mangalande mowa ankafulula ndi azimayi m'makomo mwawo, ndipo liwuli linali la mkazi wogwira ntchitoyo. Ntchito inadzapita kwa amuna ndi mafakitale, koma liwu linatsala, mpaka mabanja ena amatchedwa nalo popanda manyazi. Mwina anangondimvera chisoni, komabe sanandinamize.

Ndinalilemba pachikhatho n'kuliyatsa liwiro, dzanja lili chotambasula kuti thukuta lisafufute. Ndinali ndisanakondwepo chotero chaka chonsecho.

Amayi ndinawapeza akuvundula, maso ali psuu ndi utsi. Ndinawafotokozera zonse ndili wefuwefu. Anayang'anitsitsa chikhathocho ngakhale sankadziwa kuwerenga.

"Nanga ana a azimayi akowo, anali nawo anzawo osewera nawo?"

Ndinati zimenezo m'bukumo sanalembe. Anangoti "Oho," n'kupitiriza kuvundula. Zinandiwawa. Ndinawabweretsera ulemu kuchokera kutsidya kwa nyanja, iwo n'kumafunsa za masewera! Ndinakatsuka dzanjalo ndi phulusa.

Panapita zaka ndisanalimvetse funsolo. Njira yakuchigayo, komwe amayi ankakagayitsa chimera m'mawa nthawi ya buleki yathu, inkadutsa kuseri kwa sukulu, pafupi ndi mlambe uja.