Masana otsiriza pamkeka, bambo a Tadala

Lero zakwana zaka ziwiri, amuna anga. Ndikukuonanibe mukufika pakhomo masana aja mukukankha njinga yamoto, malaya ali fumbi lokhalokha. Munati mwagwa pozemba mbuzi pamsewu wochokera ku Nsaru, ndipo chipewa choteteza mutu munalibe, munali mutabwereketsa mnzanu wakabaza. Nditati tipite kuchipatala ku Namitete, munangoseka. "Mayi a Tadala, magazi mukuwaona pati? Kachotupa aka basi?" Kenaka munakhala nane pamkeka n'kuyamba kundithandiza kusenda mtedza, ntchito imene munkaithawa masiku onse. Wambiri unkapita kukamwa osati m'lichero, ine n'kumakumenyani padzanja.

Sindinadziwe kuti magazi akutayikira m'kati mwa mutu. Dzuwa litapendeka munati mutu ukulemera, mukagoneko pang'ono, ndikudzutseni madzi osamba akatentha. Ndinakudzutsani, bambo, mpaka mawu anandithera. Pofika kuchipatala n'kuti mutatisiya kale. Tadala wayamba sukulu chaka chino, ndipo dzulo walemba yekha dzina lanu pansi ndi chala. Ndinatembenuka kuti ndikuitaneni mudzaone. Ndakusowani. Usani mumtendere.