Alendo Osakonda Phokoso

Mawu anga ndi aakulu, ndipo sindipepesa. Ndinabadwa nawo. Zolembalembazi ndinaziphunzira mochedwa ku mishoni, ndiye mukaona chilembo chapendama musaseke, ingomvani nkhaniyo.

Nthomba inatipeza dzombe litangotha. Ine ndinali pachikamwini kufupi ndi Nambuma, mkazi wanga atangotuluka m'chikuta ndi mwana wathu woyamba. Itagwira nyumba za kumunsi kwa mudzi, akuluakulu anadula minga n'kutseka njira zonse. Wolowa ayi, wotuluka ayi. Kutchalitchi tinaleka, kumsika tinaleka. Kenaka malamulo. Ng'oma isalire. Osakazinga chimanga kapena mtedza, matuza a odwala angathetheke ngati mbuliwuli. Nthendayo osaitchula dzina, chifukwa ikamva dzina lake imapita kwa woitanayo. Tizingoti "alendo". Lamulo lomaliza ankalinena maso onse ali pa ine: alendowo sakonda phokoso.

Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anizana, monga mwa mwambo. Choncho iwo anaima kuseri kwa nkhokwe n'kumauza nkhokweyo kuti, "Wina akangokuwa m'mudzi muno, atenge nkhwangwa yake ndi mphasa yake. Njira ikatseguka azipita kwawo. Mwana ndi wathu." Nkhokwe sinayankhe. Ine ndinamva.

Ndinayesa kunong'ona. Ndinafunsa mkazi wanga chapansipansi kuti, "Kodi madzi osamba atentha?" Anayankha ndi mlamu wanga, ali pakhonde pake kutali uko: "Sanatenthe, alamu!" Kuyambira pamenepo ndinkalankhula ndi manja. Mbuzi zinasiya kundiopa, zinkadya fodya wanga pachigafa zikundiyang'ana. Amuna tinkasewera bawo tsiku lonse ngati tili pamaliro, munthu akukubera njombwa iwe n'kumangomutuzulira maso. Akazi ankasinja osaimba. Tambala yekha ndiye ankaloledwa kukuwa, ndipo ndinkamuchitira nsanje.

Mayi anga ankakhala kutsidya kwa dambo. Anali atatumiza kale mawu kuti adzabwera kudzaona mdzukulu, koma za mingazo sanamve. M'mawa wina ndili pachulu, ndinaona dengu likuyenda pamwamba pa udzu, nkhuku itamangidwa pamwamba pake. Mayendedwewo ndinawadziwa. Anali mayi anga. Nkhalamba ngati imene ija, nthomba sikanaisiya.

Ndinakupiza manja kuti abwerere. Iwo anayesa ndikuwalonjera, anawonjezera liwiro. Ndinathamangira kuminga n'kutulutsa mawu pang'ono, theka la theka: "Amayi, bwererani! Kuno kuli alendo!"

Makutu awo anali atayamba kale kuvuta. "Ati chiyani?"

"Kuli alendo!"

"Alendo eti? Ndiye ndachita bwino kutenga nkhuku! Achokera kuti?"

"Si alendo oterowo, amayi. Ndi alendo aja!"

"Aja a ku Kabudula? Amene aja amadya, mwanawe, ufa uwu sukwana!"

Uku akuyankhula, uku atula dengu, ayamba kukoka minga ndi ndodo, akudandaula kuti anthu a mudzi uno ndi aulesi, salambula njira. Nthambi imodzi inachoka. Inachokanso ina. Mwendo unali utakwezedwa kale kuti ulowe.

Ndinaganiza za nkhwangwa ndi mphasa. Ndinaganiza za mwana wanga. Kenaka ndinayang'ana mwendo wowonda uja, ndinakoka mpweya wonse umene ndinausunga masiku onse aja, n'kuumasula:

"NTHOMBAAA!"

Akakowa anauluka dambo lonse. Agalu anauwa midzi itatu. Mayi anga, amene ankati nyamakazi yawamaliza, anathamanga ngati mtsikana, dengu kulisiya pomwepo.

Pobwerera ndinapeza nkhwangwa ndi mphasa zili panja, mkazi wanga akulira mopanda mawu, poti kulira mokweza kunalinso koletsedwa. Ndinakagona kuchigafa. Anthu ankandilambalala, akudikira kuti alendo andipeza poti ndawaitana ndi dzina. Ine ndinkadzifufuza khungu m'mawa uliwonse. Sanabwere. Anatenga anthu awiri kumunsi kuja, Mulungu awalandire, koma ine ngakhale kachiphuphu.

Tsono apongozi anga ankafwenkha fodya wa m'mphuno, wopera mchemwali wawo wa kutsidya, ndipo kabotolo kanauma. Munthu wa fodya akasowa fodya mumamudziwa. Anakalipira nkhuku, anakalipira mtondo. Tsiku lina ndinamva mapazi kuseri kwa chigafa, kenaka mawu akuuza mzati:

"Kukanakhala munthu wa mawu m'mudzi muno, akanauza achemwali kuti asiye fodya paminga paja."

Ine ndinauza mzati womwewo, monong'ona, "Alendo sakonda phokoso."

Apongozi anauzanso mzatiwo kuti, "Akaima pachulu, kunja kwa mudzi, alendo sangadandaule."

"Munthu wogona pachigafa mawu amauma."

Mapazi anachoka. Posakhalitsa mkazi wanga anabwera, anapinda mphasa, ananyamula nkhwangwa n'kukazilowetsa m'nyumba, akudziluma milomo kuti asaseke.

Ndinakwera pachulu. Fodya anabwera. Mawa lake wina anafuna mchere, wina sopo, wina kudziwa ngati ng'ombe yake yabereka. Mpaka minga inachotsedwa, mudzi wonse unkayankhula ndi dziko kudzera pakhosi panga. Mayi anga anadzamunyamula mdzukulu wawo mvula itagwa, ndipo asanakhale n'komwe pansi anafunsa za nkhuku yawo. Apongozi anayang'ana nkhokwe.