Liwu limodzi limene linanditsalira mkamwa

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhani iyi munena kuti mayiyu wapeka, koma ine ndine munthu wodya mgonero, sindingalumbire pa bodza, ndipo amene amandidziwa kwathu ku Msumba angakuuzeni kuti dzanja langa lamanjali mpaka lero silitha kumanga kapulana m'chiuno popanda kuthandizidwa ndi linzake. Maina sinditchula, chifukwa ambiri mwa anthu ake ali moyo ndipo timakumana pamadzi tsiku ndi tsiku. Papita zaka zingapo, koma ndikakumbukira thupi limachitabe tsembwe.

Ine ndinaleredwa ndi amalume, mlongo wawo wa amayi anga, popeza amayi anandisiya ndisanamere mano onse. Anali msodzi, munthu wosalankhulalankhula, wa maso ofiira chifukwa cha mphepo ya panyanja, ndipo mukudziwa inunso kuti kwathu kuno nkhalamba ya maso ofiira siichedwa kupatsidwa mbiri. Chaka chimenecho amuna anga anakangana nawo pa nkhani ya malo oyanikapo usipa. Amuna anga ankafuna kuwonjezera thandala lathu mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene amalume ankasokera ukonde, amalume n'kukana kuti pamenepo ndi pa mbumba yawo, mkamwini sangawasunthe. Inali nkhani yaing'ono, yoti ikanatha yokha usipa ukasowa.

Tsiku lake kunali m'mawa, dzuwa litangoyamba kutentha. Ndinali ndikuyala usipa pathandala, ndipo ndinangoona beseni lagwa, usipa uli mbwee pamchenga. Ndinafuna kulitola, dzanja osamva. Ndinaliyang'ana ngati la mwini, ndikuliuza mumtima kuti tiye, ilo lili lende. Mwendo nawo unayamba kulemera, malovu akutuluka mbali imodzi ya kamwa, ndipo munthu amene ndinamuona pafupi anali amalume pansi pa mango paja. Mwana akaona zoopsa amaitana ndani? Ndinakuwa kuitana amalume ndi mphamvu zanga zonse, kenako ndinagwa. Amayi onse amene ankayanika nsomba pamenepo anandimva.

Atandinyamula kukandigoneka kunyumba, mutu wanga unali bwinobwino. Ndinkamva zonse, ndinkadziwa aliyense, ndinkadandaula ngakhale za usipa wanga kuti akhwangwala atha. Amuna anga anagwada pamphasa n'kundifunsa chimene chandichitikira. Ndinakonza yankho lonse mumtima, loti dzanja langozizira lokha, munditengere kuchipatala, koma nditatsegula pakamwa panatuluka liwu limodzi, amalume. Ndinayesanso, amalume. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene pakamwa pake sipagwa ntchentche, anayandikira n'kufunsa mokweza ngati ndine wogontha kuti wandichita zimenezi ndani. Abale anga, mukuganiza kuti ndinayankha chiyani?

Mlamu uja anaomba m'manja n'kunena kuti mwamva nokha, wodwala watchula yekha. Ndinafuna kupukusa mutu, koma ngakhale zimenezo zinasokonekera, pofuna kukana mutu unkagwedera ngati ndikuvomera. Ndinakupiza dzanja lamanzere kuti ayi, ayi, iwo n'kumati taonani akuwathamangitsa, akuwaona m'maso. Akandifunsa ngati ndikufuna madzi, amalume. Ngati ndikufuna kupita kuseri, amalume. Ndinaganiza zongotseka pakamwa, ndipo ndinakhala chete tsiku lonse, koma apo anati andimanga lilime kuti ndisaulule zambiri. Ndinasowa mtengo wogwira.

Tsiku lachiwiri amalume anabwera kudzandiona, atanyamula kampango wamuwisi kuti andiphikire msuzi. Ndinamva mawu awo pakhomo akuuza amuna anga kuti matenda awa anawaonapo kwa mnzawo wina, ndi a kuchipatala, ndipo iwo ali okonzeka kunditengera ku Metangula pa boti tsiku lomwelo. Nditamva choncho ndinasangalala mpaka misozi, ndinadzikoka pamphasa kuti ndiwagwire mwendo, ndikulira, ndipo liwu lomwe lija linatuluka katatu konse. Kwa ine kunali kuitana kholo langa. Kwa anthu amene anadzaza pakhonde kunali kuloza mfiti pamaso pake. Anawakankha, kampango uja anamutaya kutchire kuti ndi wokhwimira, ndipo ndinamva amalume akufunsa kuti mwana wanga, ndakulakwira chiyani.

Masiku anayi ndinagona pamphasa paja akundifukiza ndi kunditema mphini, uku kunja zinthu zikuipiraipira. Nkhani zonse ndinkazimva, popeza anthu akaona munthu wosalankhula amayesa ndi chitsa, amakamba zonse pamutu pake. Ndinamva kuti ukonde wa amalume aung'amba, kuti anzawo a m'bwato awakana, kuti akazi awo akafika pamjigo amayi ena amachotsa zidebe. Ndinamvanso kuti akuluakulu a mbali ya amuna anga agwirizana kuti mwezi ukatha ine ndisanachire, amalume asamuke pamudzi, apo ayi nyumba aigwetsa. Akuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma ine nkhuyu zake sindinadye n'komwe, zinangondigwera mkamwa.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga wamkazi woyamba, amene ankaphunzira ku Lichinga. Atafika n'kundiona kamwa litapotoka, sanafunse chilolezo kwa munthu, anakatenga chapa, minibasi yonyamula anthu, n'kunditengera kuchipatala, bambo ake akutsatira m'mbuyo akung'ung'udza. Kumeneko anandiyeza n'kunena kuti tensawu yanga, kuthamanga kwa magazi kuja, inali pamwamba kwambiri, ndipo matenda anga ndi amene timawatcha toromboze, ena amati sitiroko. Namwino wina wachikulire, wa kwathu konkuno kunyanja, ataona kuti ndikungobwereza liwu limodzi, anakhala pabedi n'kufotokozera mwana wanga m'Chinyanja, koma maso ali pa ine, chifukwa iye yekha ndiye anazindikira kuti ndikumva.

Anati mu ubongo muli tinthu tamoyo ting'onoting'ono tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, timene kusukulu amati maneuroniyo. Kalikonse kali ndi timichira tambirimbiri tofikira kwa tinzake, ndipo munthu akafuna kukweza dzanja kapena kutchula liwu, uthenga umathamanga ngati kamoto ka magetsi kuchoka pa kena kupita pa kena, mpaka kutsikira m'mitsempha kukafika ku dzanja kapena ku lilime. Anati tinthu timeneti timadya magazi, ndipo kamtsempha kamodzi kakatsekeka, tonse ta pamalo amenewo timafa ndi njala. Chodabwitsa n'chakuti mbali yamanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa mbali yamanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri mbali yomweyo ndiyo imalumikiza ganizo ndi liwu lake. Anayerekeza ndi ukonde umene wabooka pakati, kuti maganizo anga onse alipo koma akafika pabowopo amagwa, ndipo kangotsala kaulusi kamodzi kamene liwu limodzi limadutsirapo. Anati anaonapo wina amene anatsala ndi liwu lotukwana, wina ndi dzina la mbuzi yake, ndipo palibe chimene liwulo limatanthauza.

Ndinalira ngati mwana, chifukwa kanali koyamba munthu kunena zimene zinali mumtima mwanga. Koma amuna anga atauzidwa anangoti achipatala amadziwa za magazi, za anthu sadziwa, nanga bwanji mwa mawu onse a pa dziko lapansi mkazi wawo anatsala ndi limeneli? Mwana wanga anaimba foni kumudzi kufotokoza, mlamu uja n'kumuyankha kuti sukulu yamuwononga. Apa ndinadziwa kuti mlandu umene unatuluka pakamwa panga sungafafanizidwe ndi pakamwa pa wina. Ndinkawerenga masiku a mwezi uja pa zala za dzanja lamanzere, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayesa kunena kuti ayi, kaliwu kakang'ono ngati kameneko, koma osatheka.

Lamulungu lina masana kunabwera amayi a mpingo kudzaona odwala, ndipo atafika m'chipinda chathu anayamba nyimbo ina imene timaimba pa misa kuyambira ndili mwana. Ndinangozindikira kuti pali mawu ena akuimba nawo pafupi kwambiri, ndipo anali anga. Ndime yonse inatuluka, liwu ndi liwu, lilime lomwe lija lokanika kupempha madzi! Nyimbo itatha ndinafuna kuuza mwana wanga kuti wamva, koma panatulukanso liwu lakale lija. Namwino uja atamva sanadabwe. Anati nyimbo imayenda njira ina mu ubongo, mbali yamanja imathandizapo kwambiri, ndipo maneuroniyo amene atsala amatha kuphunzira ntchito ya anzawo amene afa ngati munthu awakakamiza tsiku ndi tsiku. Anandiuza kuti chimene ndikufuna kunena ndizichiimba pang'onopang'ono, ndikuomba bedi ndi dzanja lamanzere.

Mwana wanga anandifunsa ngati tiyambe ndi kupempha madzi kapena chakudya, ine ndinakana ndi maso mpaka anamvetsa. Iye ndiye anapeza mawu ake, akuti alibe mlandu, ndipo tinawaika pa kayimbidwe ka nyimbo ija. Anthu inu, mawu awiri okha ananditulutsa thukuta kuposa kubereka. Ndinkayamba bwino, pakati n'kuterereka kubwerera ku liwu lija, odwala anzanga mpaka anatopa nane, wina n'kumati mayi a kwaya ayambapo. Patatha milungu iwiri ndi theka ndinawatulutsa onse awiri osaphonya, ndipo ndinakakamira kuti anditulutse.

Tinafika ku Msumba Loweruka, mwezi utatha ndi masiku atatu. Podutsa pa nyumba ya amalume ndinaona denga palibe, zitseko atazula, nkhuku za eni zikupalasa m'chipinda. Anali atapita ku Lunho kwawo kwa akazi awo, nkhalamba yoti inabadwira pamudzi pomwepo ndi kuika abale ake onse pomwepo. M'mawa mwake ndinauza mwana wanga ndi manja kuti andigwirize mpaka kutchalitchi, ndipo anthu akutuluka ndinaima pakhomo, ndikuomba ntchafu, n'kuimba mawu anga atatu, loyamba lija ndi awiri atsopanowo. Ena anayamba kuseka poyesa kuti mutu wazungulira, koma nditabwereza kachitatu ndi kachinayi kuseka kunatha. Mlamu wanga anayang'ana pansi. Amuna anga anachoka, ndipo madzulo ake anapita okha kukaimika mitengo ya denga lija.

Amalume sanabwerere. Tinatumiza anthu kawiri, anakana mwaulemu. Patapita miyezi isanu, nditayamba kulumikiza mawu pang'onopang'ono, ndinapita ndekha ku Lunho pa msewu woipa wa kumeneko, ndipo ndinawapeza atawonda, akusoka ukonde wa munthu wina. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, za kamtsempha, za tinthu ta mu ubongo tija, movutika, liwu limodzi limodzi, iwo akudikira osandidula. Nditamaliza anapuma kwambiri n'kunena kuti miyala imene anthu anawagenda nayo ndi denga lija sizinawapweteke kwenikweni. Chimene chinawadya n'chakuti mwana amene anamulera sananamepo chibadwire, ndiye atamva ndikuwatchula, anayamba kudzikayikira okha kuti kapena alidi ndi kanthu m'thupi kamene kamachita zoipa iwo osadziwa, ndipo miyezi yonseyo anasiya kunyamula adzukulu awo poopa kuwapweteka. Tsiku limenelo ndinawaona akuitana kamdzukulu kawo n'kukakhazika pamwendo. Anamwalira chaka chotsatira, ndipo anaikidwa komweko, kutali ndi manda a mlongo wawo, amayi anga.

Lero ine ndimakhulupirira kuti m'mutu mwa munthu muli njira zambirimbiri zimene Mulungu anaziluka mochenjera, ndipo imodzi ikaduka pakamwa pamatha kunena chimene mtima sunatume. Za ufiti sindikutsutsana ndi munthu, aliyense ali ndi zimene anaona, koma pa ine panalibe mfiti, panali magazi amene ndinali ndisanawayezetsepo chibadwire. Choncho inu anzanga, mukaona munthu kamwa lapotoka, dzanja lagwa, mawu asokonekera, musataye nthawi kumufunsa kuti wakuchita ndani, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ola lililonse tinthu tija tikufa. Ndipo akatchula dzina la munthu, musathamangire kukazula zitseko. Mwina akungoitana amene amamukonda kuposa nonsenu.